Dzina la pakhonde lisalowe pa chikalata cha mwana

Amayi oyembekezera, ndi inu abambo amene mumazungulira panja pa wodi kudikira uthenga, ndili ndi pempho. Akakufunsani dzina loti alembe pa fomu ya mwana, musatchule lachibwana. Junior, Bebe, Chiko, Mada, onsewa ndi okoma pakhonde, koma pa chikalata cha kubadwa lembani dzina lathunthu limene munthu angaimirire nalo ali ndi imvi.

Kale dzina sankalithamangira. Mayi ankakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana ugwe, kenako agogo kapena azakhali n'kudzatchula dzina atanyamula kamphatso. Ndipo dzinalo silinali lomaliza. Mnyamata wa ku Jali kapena ku Songani akapita ku jando ankabwerako ndi dzina lina, moti kumuitana la paubwana kunali kumunyoza. Wina ankalandira la woyera mtima paubatizo, wina la Chisilamu. Munthu mmodzi mayina atatu, palibe chimene chinkalakwika, chifukwa mudzi wonse unkamudziwa nkhope ndipo panalibe wofananitsa mapepala.

Lero mapepala ndi amene amatiyankhulira. Kuyambira 2015 lamulo limati mwana aliyense wobadwa alembetsedwe ku National Registration Bureau. Mu 2017 tonse tinakhala pamzere kujambulitsa ziphaso za unzika, ndipo mwana akakwana zaka 16 nayenso amakatenga chake. Kulembetsa nambala ya foni, kutsekula akaunti ku banki, kutenga pasipoti, konseko amayang'ana dzina, chilembo ndi chilembo. Ife a ku Zomba tiyenera kuzidziwa bwino zimenezi kuposa ena, pakuti likulu la MANEB lili konkuno. Dzina limene mwana walembera mayeso ndi lomwe limatuluka pa satifiketi yake, ndipo ndi lomwe adzapite nalo ku Chirunga akadzasankhidwa ku yunivesite.

Taonani mmene chisokonezo chimayambira. Tsiku lolembetsa Sitandade 1 mayi ali ku msika wa Mpondabwino ndi tomato wawo, ndiye atuma mkulu wake wa mwanayo kuti amuperekeze. Aphunzitsi akhala pampando ndi rejista pamwendo, ana ali mbuu kuwazungulira. "Dzina lake ndani?" Mkulu wake uja, wazaka khumi, ayankha dzina lokhalo limene amalidziwa: "Thoko." Basi lalembedwa. M'buku la kusikelo muli Thokozani, kutchalitchi kuli Grace, kusukulu kuli Thoko. Zaka zikadutsa, mtsikana yemweyo akufuna malo a maphunziro kapena ntchito, mapepala akuonetsa ngati anthu atatu. Apo ndiye kuyamba kuyenda, kufuna kalata yolumbira kuti Thoko ndi Thokozani ndi munthu mmodzi, ndalama za kabaza zikutha, tsiku lotsekera likuyandikira. Ndaona mwana wa achemwali anga akulira misozi pa nkhani yotereyi, ndipo sanalakwe kanthu iyeyo. Tinamulakwira ndife akuluakulu.

Ena amati, "Tilemberenji dzina lalitali loti palibe adzaliitane? Pakhomo tizidzamuti Tada, ndiye tingolemba Tada." Ndikuwamvetsa. Koma dzina lachibwana silifuna kusankhidwa, limabwera lokha. Mng'ono wake adzalephera kutchula Madalitso n'kunena zakezake, nyumba yonse n'kuseka, dzina n'kumamatira. Anzake a mpira ku Chinamwali adzamupatsa lina, la kusekondale lidzabweranso. Amenewa adzakhala nawo ambiri osawapempha. Lathunthu lokha ndi limene sangalipeze kwina ngati inu makolo simunamupatse. Amene analembedwa Chikondi angathe kukhala Chiko kwa anzake, Chikondi pa chikalata cha ukwati. Amene analembedwa Chiko mwamutsekera njira imodzi, ndipo simunamufunse.

Za Junior ndiye zimandipweteka kwambiri. Bambo wazaka 50, ali ndi zidzukulu, akuitanidwa pamaliro kuti ayankhule m'malo mwa banja, pa chiphaso pake pali Junior. Ngati mukufuna atenge dzina la bambo ake, mupatseni dzina lenilenilo.

Ndisamveke ngati ndikuti dzina lathunthu ndi lachizungu. Ayi. Limbani, Yamikani, Chisomo, Takondwa, awa ndi mayina olemera okwana pa satifiketi iliyonse. Chimene ndimakana ndi kusenzetsa mwana mkangano wa akuluakulu, kumutcha Mavuto kapena Ndaziona chifukwa apongozi anakuyankhulirani zowawa muli ndi pakati. Kumbukiraninso kuti dzinalo lidzakhala lanu: mudzi wonse uzidzati amake uje, abambo ake a uje, mpaka lanu kuiwalika.

Ngati agogo akuchimuna ali ndi dzina lawo, akuchikazi lawo, kutchalitchi kapena kumzikiti lina, khalani pansi mwana asanabadwe mugwirizane kuti loyamba ndi liti, lachiwiri ndi liti. Mukatero lilembeni pa pepala, kalembedwe kake kamodzi, kaya ndi Mphatso wa "h" kaya Dalitso wopanda "Ma". Pepala limenelo lipite ku chipatala, ku ubatizo ndi kusukulu, ndipo tsiku lolembetsa Sitandade 1 mupite nokha ndi chikalata cha kubadwa m'manja, tomato adikire.