Ndinaitanitsa zoyera, zabwera zakuda

Ndatopa nazo abale. Miyezi inayi ndikumanga kompyuta yanga yoziziritsidwa ndi madzi: bokosi loyera, mafani oyera, madzi obiriwira m'mapaipi. Lero ndathamangira ku depoti kukalandira katundu wochokera ku Lilongwe, kutsegula katoni, ma fitting (tolumikizira mapaipi) onse asanu ndi atatu akuda bii! Komanso ndi a 16mm pomwe mapaipi anga ndi a 14mm. Madzi sangatayikire pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta? Ogulitsawo uthenga wanga anauwerenga n'komwe? Kuwaimbira, akuti, "Achimwene, mtundu uli ndi ntchito yanji, bola iyake." Ntchito yanji? Thukuta langa limenelo! Muno mu Mzuzu sungawapeze, ngakhale uzungulire msika wa Mataifa wonse. Radiator ili patebulo kuno ku Chibavi, pampu ikadali m'pepala lake, ndidikirenso milungu itatu fumbi likulowa m'bokosi.