Pulogalamu ya mbiri ya mabanja isatuluke anthu asanaiyese

Lero zandikwana. Kampani ina yatulutsa pulogalamu yatsopano yosungira mbiri ya mabanja osaipereka kaye kwa anthu kuti aiyese, ndiye taonani zomwe yachita ndi fayilo ya banja lina. Paliponse pomwe panali Malaŵi pasanduka MalaÅµi. Mayi wamng'ono wa pamitala wasowa, ana ake onse awakankhira kwa mayi wamkulu. Munthu watha zaka akuyenda m'midzi kufunsa azigogo, ena mwa iwo anatisiya kale, inu a kampani n'kumusokonezera zonse tsiku limodzi? Akuti amathamangira tsiku lomwe analonjeza ogula. Zimenezo ndi zawo.

Pulogalamu yotere iyambe yadutsa m'manja mwa anthu wamba, ija amati beta. Opanga amayesera pa fayilo yawo yoyera bwino: bambo mmodzi, mayi mmodzi, ana atatu, aliyense ali ndi tsiku lobadwa lathunthu. Mafayilo a anthu enieni sali choncho. Muli agogo omwe chomwe tikudziwa n'choti anabadwa cha m'njala ya 1949, ndiye timalemba ABT 1949, kutanthauza cha m'ma 1949. Muli ana otenga mfunda wa kuchikazi, pomwe mapulogalamu ambiri amafulumira kumata dzina la bambo pa mwana aliyense. Muli mayi yemwe kalata ya ubatizo ikumutchula dzina lina koma mudzi wonse unkamudziwa kuti Naphiri. Muli wobadwira ku Fort Johnston n'kumwalirira ku Mangochi, malo ake omwewo. Zonsezi wopanga ali mu ofesi sangazilote. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa!

Vuto la ŵ lija ndi laling'ono zedi kulikonza, n'chifukwa chake likupsetsa mtima. Mapulogalamuwa amapatsirana mbiri kudzera mu fayilo ya GEDCOM. Mafayilo akale a GEDCOM 5.5 ambiri analembedwa m'njira yakale yosungira zilembo yotchedwa ANSEL kapena m'zilembo za Windows, pomwe GEDCOM 7.0 yomwe bungwe la mbiri ya mabanja la FamilySearch linatulutsa mu 2021 imalola njira ya UTF-8 yokha. Fayilo ya UTF-8 ikawerengedwa ngati ya zilembo za Windows zija (Windows-1252), ŵ amathyoka pawiri kukhala Åµ. Woyesa mmodzi yekha wa ku Mzimba kapena wa ku Wales, komwe nakonso amalemba ŵ, akanaziona tsiku loyamba lomwe. Mmodzi yekha! Koma sanapatsidwe mpata.

Musandiuze kuti n'zovuta. Pulogalamu ina ya mbiri ya mabanja yotchedwa Gramps ndi yaulere, amaipanga anthu ongodzipereka, koma amatulutsa beta poyera, aliyense n'kuitsitsa, n'kulemba zolakwika pamalo pomwe onse akuona. Ngati osalipidwa akutha, nanga inu otenga ndalama za anthu chikukuvutani n'chiyani? Kutulutsa pulogalamu osaiyesetsa kwa anthu n'kusandutsa ogula kukhala oyesa, kusiyana kwake n'koti simunawachenjeze ndipo akuyesera pa fayilo yawo yeniyeni.

Kuyesako sikufuna digiri. Sungani kaye fayilo yanu yonse pamodzi ndi zithunzi, pa flash kapena pa kompyuta ina. Tulutsani GEDCOM kuchokera mu pulogalamu yanu yakale, muilowetse mu beta ngati banja latsopano. Musanalowetse lembani papepala kuti anthu alipo angati, mabanja angati, zithunzi zingati. Mukalowetsa werengani kachiwiri. Ngati munali anthu 1,240 ndipo atsala 1,236, anayiwo muwasake, chifukwa pomwe agwera ndi pomwe pali bowo. Tsegulani bambo wa mitala, mwana woleredwa ndi amalume, mayi yemwe anakwatiwanso, ndi munthu wa dzina limodzi lokha. Onani zolemba zazitali ngati sizinadukire pakati, komanso ngati umboni, monga kalata ya ubatizo, ukadali pa mwini wake. Kenako tulutsaninso GEDCOM kuchokera mu betayo mufananize ndi yoyamba ija. Zina zimatayika potuluka, osati polowa pokha.

Ndipo inunso oyesa, tamverani. Kulemba kuti "sikugwira ntchito" basi si lipoti. Nenani nambala ya beta, kaya muli pa Windows, Mac kapena Linux, zomwe munadina motsatana, zomwe mumayembekezera ndi zomwe zatuluka. Tumizani kafayilo kakang'ono ka anthu asanu kosonyeza vutolo, mutachotsamo amoyo, osati mtundu wonse ndi masiku awo obadwa.

Koma ondikwiyitsa koposa ndi aja otsegula fayilo yawo yokhayo mu beta. Gramps ikafuna kukweza fayilo kuti igwirizane ndi mtundu watsopano imachenjeza poyera kuti sungani kaye, chifukwa ikakwezedwa mtundu wakale suitsegulanso. Munthu amangodina osawerenga, mawa lake ali pa Facebook kutukwana anthu ongodzipereka. Chenjezo linali pamaso panu, munadina nokha.