Jumbo yololedwa ku Chipata, yoletsedwa ku Mchinji

Mayi akagula tomato pamsika wa ku Chipata, wogulitsa n'kumuikira m'jumbo yokhuthala ma micron 40 (micron ndi kamuyeso koyezera kukhuthala kwa pulasitiki), palibe lamulo limene laphwanyidwa. Koma akangodutsa pachipata cha Mwami n'kuponda ku Mchinji, jumbo yomweyo yasanduka katundu woletsedwa. Lamulo la Malawi la 2015 limakana pulasitiki wopyapyala wosafika ma micron 60, pomwe la Zambia la 2018 linaika malire ake pa 30. Ku Mozambique nakonso, lamulo la 2015 linaima pa 30 pomwepo. Kumpoto, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, za kukhuthala safunsa n'komwe: kuyambira pa 1 June 2019 dziko la Tanzania linaletsa majumbo onse apulasitiki onyamulira katundu, opyapyala ndi okhuthala omwe, ndipo ngakhale alendo otsika ndege anauzidwa kuti aziwasiya pabwalo pomwepo.

Tikangoyang'ana zolembedwazo, Malawi amaoneka wokhwimitsa zinthu kuposa Zambia ndi Mozambique. Nanga bwanji m'ngalande za ku Ndirande, mumtsinje wa Mudi ndi m'mbali mwa msika wa Lilongwe majumbo akadali mbwee, pamene amene amapita kukaoda katundu ku Kyela ndi ku Mbeya amabwerako ndi zikwama zansalu? Ofufuza za malamulo a zachilengedwe akhala akulimbana ndi funso lotere kwa nthawi yaitali, ndipo zimene anapeza zikutikhudza kwambiri.

Mu 2009 Jennifer Clapp ndi Linda Swanston analemba kafukufuku wosonyeza kuti mchitidwe woletsa majumbo sunayambire ku pangano lililonse la mayiko, komanso sunatsike kuchokera ku mayiko olemera monga zimakhalira ndi malamulo ambiri a zachilengedwe. Unamera m'mayiko osauka omwe ankaona okha ngalande zitatsekeka ndi ziweto zikufa. Bangladesh analetsa mu 2002. Pofika 2018, lipoti la UNEP, nthambi ya zachilengedwe ya United Nations, ndi bungwe lofufuza la World Resources Institute linawerenga mayiko 127 omwe anali ndi lamulo lina lake lokhudza majumbo. Mfundo ya ofufuza awiriwa imene ndimaiona kuti njolemera ndi yakuti popeza palibe pangano limodzi lowamanga onse, dziko lililonse limalemba lamulo molingana ndi mphamvu ya opanga pulasitiki a m'dzikomo. Kumene ali amphamvu, lamulo limafooka kapena limachedwa.

Pritish Behuria wa ku yunivesite ya Manchester anatsatira mfundo imeneyi poyerekeza Rwanda, Kenya ndi Uganda. Ku Rwanda lamulo la 2008 linagwira msanga chifukwa mafakitale a pulasitiki anali ochepa ndi opanda mawu, komanso boma linkafunitsitsa kuti Kigali adziwike ngati mzinda waukhondo wokopa alendo ndi misonkhano. Ku Uganda boma linalengeza kangapo konse koma opanga majumbo ankalibweza. Ku Kenya anayesa mu 2007 ndi mu 2011 osaphula kanthu, mpaka pa 28 August 2017 pamene chiletso cha nduna Judi Wakhungu chinayamba kugwira ntchito, chilango chake n'kufika zaka zinayi kundende kapena mashilingi 4 miliyoni.

Nkhani yathu ya ku Malawi imafanana ndi ya Uganda kuposa ya Rwanda, kungoti kuno nkhondo yake yamenyedwera kukhoti. Lamulo litatuluka mu 2015, makampani opanga pulasitiki anakatenga chiletso cha khoti choimitsa lamulolo, ponena kuti sanafunsidwe mokwanira ndiponso kuti anthu ambiri achotsedwa ntchito. Mlandu unagona zaka. Pa 31 July 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula mokomera boma, anthu n'kusangalala kuti zatha, ndipo Gloria Majiga-Kamoto, amene anatsogolera nawo mabungwe pankhondoyi, analandira mphotho ya zachilengedwe ya Goldman mu 2021. Koma ziletso zina zinatengedwanso mu 2021 ndi mu 2024, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pamene khoti ku Lilongwe linachotsa chopingacho ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA linalengeza kuti liyamba kulanda ndi kutseka. Mwana wobadwa chaka chimene lamuloli linasainidwa anali atafika zaka pafupifupi khumi. Pazaka zonsezo makina sanaime, ndipo kafukufuku amene Lilongwe Wildlife Trust anatulutsa mu 2019 anati dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ambiri mwa iwo ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya.

Sindikunena kuti makampani alibe ufulu wopita kukhoti. Ku Kenya nakonso bungwe la opanga katundu linakasuma. Kusiyana kwake n'kwakuti khoti la kumeneko linakana kuimitsa lamulo pamene mlandu unali mkati, kenako mu 2018 linagamula kuti lamulo loletsa majumbolo lipitirire. Malamulo aakulu a Kenya a 2010 anaika ufulu wokhala m'malo aukhondo m'ndime 42, pakati penipeni pa maufulu a anthu, ndiponso anakhazikitsa khoti loona za malo ndi zachilengedwe lokhalokha. Kwathu kuno nkhani ya chilengedwe ili m'ndime 13 ya malamulo aakulu a dziko, m'gulu la mfundo zongotsogolera boma, ngakhale lamulo la zachilengedwe la 2017 limautchula ufuluwo. Woweruza wa ku Nairobi akamayeza phindu la fakitale ndi mtsinje wodzala majumbo, mbali ya mtsinje imakhala ndi pogwira polimba. Chiletso cha khoti chimayenera kuteteza wodandaula kuti asapwetekedwe mlandu usanathe. Koma pulasitiki amene walowa m'nthaka m'zaka khumi zimenezo palibe chigamulo chingamutulutse.

Komabe ndikuona kuti makhoti si vuto lokhalo, mwinanso si lalikulu. Vuto lili m'kalembedwe ka lamulolo. Micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo ma micron 60 ndi pafupifupi kukhuthala kwa tsitsi limodzi la munthu. Ndani pamsika wa Limbe kapena wa Mzuzu angasiyanitse 45 ndi 60 ndi zala? Wogulitsa tchipisi sangathe, mayi wa mandasi sangathe, wapolisi wa pa rodibuloko sangathe popanda kachipangizo koyezera. Lamulo lotere limadalira oyendera mafakitale ochepa a MEPA ndi a bungwe loona miyezo, ndipo wopanga akangodinda nambala yabodza pajumbo, wogula alibe potsutsira. La Tanzania mwana wa sukulu amalimvetsa: jumbo yonyamulira katundu ikaoneka, ndiye kuti lamulo laphwanyidwa. Anasiyako mpata pa zokutira mankhwala, zakudya zina za m'mafakitale ndi zipangizo zaulimi, koma pa chonyamulira cha tsiku ndi tsiku sanasiye khomo.

Amene anasankha njira ya kukhuthala anali ndi maganizo omveka: jumbo yokhuthala munthu saitaya msanga, amaigwiritsanso ntchito, ndipo otola zinyalala amaipezera mtengo. South Africa anayesa njira imeneyi kuyambira 2003, kuletsa zopyapyala kwambiri n'kuika mtengo ndi msonkho pa zotsalazo. Johane Dikgang, Anthony Leiman ndi Martine Visser atafufuza m'masitolo a kumeneko anapeza kuti poyamba anthu anachepetsadi kutenga majumbo, koma atazolowera kamtengoko anayambiranso. Abale athu okhala ku Johannesburg angachitire umboni kuti pa thilu amangofunsidwa ngati akufuna pulasitiki, n'kulipira osaganizirako kawiri. Ngati zinatero m'dziko limene malonda ambiri amadutsa m'masitolo akuluakulu olemba malisiti, kuli bwanji kuno komwe jumbo imaperekedwa ulele pa kamulu ka usipa?

Njira ya Kenya ndi Tanzania nayonso ili ndi zilema zake, ndipo tisazibise. Ku Kenya malo a majumbo analowedwa ndi tizikwama tooneka ngati nsalu koma tili tapulasitiki ndithu, ndipo opanga anayamba kutipyapyalitsa mpaka bungwe la boma loona zachilengedwe la NEMA linafuna kutiletsanso mu 2019. Majumbo ozembetsa akhala akulowa kudzera ku Busia kuchokera ku Uganda. Ku Rwanda nako amalowa kuchokera kwa oyandikana nawo, ndipo amene amagwidwa kawirikawiri ndi amayi a geni yaing'ono, osati eni makina. Izi n'zimene ndimaopa kuti zingachitike kwathu: kuthamangitsa wogulitsa mafizesi pa depoti pamene fakitale ikugwira ntchito usiku. Chilango chiyenera kuyambira kumene jumbo imabadwira ndi kumene imalowera m'dziko.

Apa ndiye pamene malire athu akupweteka. Malawi wazunguliridwa ndi mayiko atatu, awiri mwa iwo amalola chimene ife timaletsa. Malire a ku Dedza, ku Tsangano ndi ku Muloza ndi otseguka moti msika umodzi umakhala mbali ziwiri za msewu, anthu ake amodzimodzi, chinenero chimodzi, maukwati ndi maliro amodzi. Tingatseke fakitale iliyonse ku Blantyre ndi ku Kanengo, koma katoni ya majumbo a ma micron 30 idzakwera njinga ya kabaza kuchokera kutsidya popanda amene walakwa kumene yachokerako.

Ambiri ankayembekeza kuti pangano la dziko lonse lidzathetsa zoterezi. Pa 2 March 2022 ku Nairobi, msonkhano wa zachilengedwe wa United Nations unagwirizana zoti pakhale pangano lomanga mayiko pankhani ya pulasitiki, ndipo maganizo ake anachokera ku Rwanda ndi Peru. Ndimanyadira kuti dziko la mu Africa ndi limene linatsogolera, ndipo Rwanda pamodzi ndi Norway akhala patsogolo pa gulu lofuna kuti kapangidwe ka pulasitiki kachepetsedwe, osati kungotola zinyalala. Koma zokambirana za ku Busan mu December 2024 zinatha popanda mgwirizano, za ku Geneva mu August 2025 chimodzimodzi, makamaka chifukwa mayiko opopa mafuta sakufuna malire pa kuchuluka kwa pulasitiki wopangidwa. Ndi mphamvu yomwe ija imene Clapp ndi Swanston anaiona m'dziko limodzilimodzi, tsopano itakhala pa tebulo la mayiko onse.

Sindikuona chifukwa chodikirira Geneva pa chinthu chimene mayiko anayi oyandikana angathe kumvana okha. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Tanzania onse ali mu SADC, ndipo SADC ili ndi pangano la kasamalidwe ka chilengedwe la 2014. Kum'mawa kwa Africa anayesapo: nyumba ya malamulo ya East African Community inavomereza bilu ya majumbo mu 2017, koma inakanirira posowa kusainidwa ndi atsogoleri onse, ndiye tidziwiretu kuti ntchitoyi njovuta. Komabe poyambira palipo. Kuyambira December 2022 ogwira ntchito a Malawi ndi a Zambia pa Mchinji ndi Mwami amayendera katundu pamalo amodzi. Nduna za zachilengedwe za mayiko awiriwa zitagwirizana mulingo umodzi, kapena bwino koposa zitatsata Tanzania n'kusiya kuwerenga ma micron pa majumbo onyamulira katundu, katoni imene yakanidwa mbali ino ikanakanidwanso mbali inayo, ndipo Mozambique akanakhala wotsatira kukambirana naye za Dedza ndi Zobue.