Ku Zambia amafuna uoneke, kwathu tikupikisana kuthobwana m'maso

Zimandiwawa kulemba izi chifukwa dziko langa la Malawi ndimalikonda, koma pa nkhani ya magetsi a galimoto anzathu a ku Zambia atisiya kutali. Amene munawolokapo pa Mwami mukudziwa zimene wapolisi wa kumeneko amathamangira kuona: timatepi tonyezimira, toyera tiwiri kutsogolo, tofiira tiwiri kumbuyo, kenako matrayango awiri. Nkhawa yawo ndi yakuti galimoto ikafa pamsewu usiku, wobwerayo aione akadali patali. Ife nkhawa yathu ndi ina: bola ndione ine, enawo adziwa okha. N'chifukwa chake aliyense wathamangira mababu a LED oyera ngati moto wa wowotcherera zitsulo, n'kuwasomeka m'nyali zakale za Vitz, Sienta ndi Probox zomwe sizinapangidwire mababu otero.

Posachedwapa ndinachokera ku Chipata kutada. Tsidya lija, galimoto iliyonse imene ndinakumana nayo inkaika dimu ikangotulukira, ngakhale mathiraki. Nditangolowa mumsewu wa Mchinji, abale anga, inali nkhondo. Sienta ina inandiwomba ndi kuwala kobiriwira mpaka msewu wonse unasowa. Maso atabwerera, kumanzere kwanga kunali wakabaza atanyamula mayi wobereka mwana, chigongono cha mayiyo chili pafupi kukhudza galasi langa lam'mbali. Njinga yopanda nyali, yopanda chonyezimira chilichonse. Ndinamuphethirira magetsi wa Sienta uja kuti atsitse, iye n'kundiyankha poyatsa fulu. Apa m'pamene pali vuto lenileni: munthuyo anali pa dimu nthawi yonseyo, ndipo mumtima mwake ankadziona wosalakwa.

Tiyeni timvetsetsane, chifukwa ambiri akuchita izi mosadziwa. Babu ya H4, ija ya 60/55W imene ili m'galimoto zambiri zochokera ku Japan, ili ndi timawaya tiwiri toyaka. Ka dimu kali ndi kachitsulo kophimba kunsi kwake, ndipo mbale yonyezimira ya mkati mwa nyali inaumbidwa molingana ndi malo enieni a kawaya kameneko. N'zimene zimadula kuwala kuti kukhale ndi mzere pamwamba, kukwere pang'ono kumanzere komwe kuli oyenda pansi, kutsike kumanja komwe kukubwera mnzako. Mukachotsa babuyo n'kuika LED yomwe timiyala take toyaka tili pena, mzere uja umafa. Kuwala kumamwazikira m'mitengo, m'zikwangwani ndi m'maso mwa anthu. Inu mkati mumasangalala poona phula la patsogolo pa bampala layera mbee, koma kuyera kwa pafupi kumeneko kumachepetsa mphamvu ya maso anu kuona patali. Ndiye mwathobwa mnzanu, inunso simukuona ngolo ili kutsogolo. Mvula ikagwa ndiye zimanyanya, pakuti kuwala koyera kwa LED, kwa 6,000K pa muyezo wa mtundu wa kuwala, kumabwerera m'maso kuposa kwachikasu kwa mababu a halogen monga H4, komwe kumakhala cha m'ma 3,200K.

Ku Ulaya nyali yowala kupitirira malumeni 2,000 (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) imayenera kukhala ndi chotsukira komanso chodziwongolera chokha galimoto ikalemedwa kumbuyo. Dimu ya H4 imatulutsa pafupifupi 1,000. Ife tikuika zimene pa bokosi alemba manambala oopsa, m'minibasi yomwe yakhalira matako chifukwa cha katundu, mphuno ili kumwamba.

Tsono ndisanamizire kuti ku Zambia kuli angelo okhaokha. Nakonso kuli ma Hilux okhala ndi mkuzi wa magetsi padenga, amene akayatsa umangoima n'kudikira adutse. Ndipo pali chinthu china chimene ndiyenera kuvomereza: iwo zimawaphwekera. Msewu wa Great East kuchokera pa Mwami kukafika pa mlatho wa Luangwa unakonzedwa, ndi wotakata, mizere ikuoneka. Munthu woyenda pamsewu wotero sasowa kuwala kochuluka. Ife pa M1 pali malo ena pomwe m'mphepete munadyeka, mzere unafufutika kalekale, mbuzi, njinga ndi anthu ovala zakuda onse ali pa phula lomwelo. Dalaivala wa kwathu akamati sakuona, sakunama. Magalasi a nyali za galimoto zimene timaitanitsazi ndi apulasitiki, dzuwa lathu limawawotcha mpaka kuchita chikasu, ndipo babu yabwino bwanji singabowole chifunga chimenecho. Vuto ndi loona, mankhwala ake ndi amene talakwitsa.

Komabe kusiyana kwa maganizo kulipo. M'chaka cha 2016, ngozi zitachuluka, boma la Zambia linaletsa mabasi ndi galimoto zina zamalonda kuyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Amalonda anadandaula kwambiri, pambuyo pake zina zinafewetsedwa, koma zikuonetsa kuti mdima amautenga ngati mdani wa onse. Ife aliyense akulimbana nawo payekha, ndipo wopambana ndi amene ali ndi babu yaukali kuposa mnzake. Wothobwayo mawa amakagula yoposa pamenepo kuti abwezere.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti luso tili nalo. Amakaniko athu amadzutsa injini imene kwina akanaitaya kalekale, ndipo pamenepa sindingawasinthanitse ndi a dziko lililonse. Ntchito yokonza magetsi moyenera ndi yaing'ono kwa iwo, ngakhale mwini galimoto angathe kuichita pakhomo Loweruka m'mawa. Yambani ndi galasi: sandipepa yonyowetsa, ya nambala 800 kenako 1500 kenako 2000, kupukuta ndi polishi, n'kupaka mankhwala oteteza ku dzuwa, apo ayi pakangotha miyezi yochepa chikasu chimabwerera. Mukatero yezani moto umene ukufika pa babu injini ikulira. Mababuwa anayezedwera pa mavolti 13.2, ndipo volti imodzi yokha ikatayika m'mawaya okalamba kapena pa earth (polumikizira waya ku chitsulo cha galimoto) yadzimbiri, kuwala kumatsika pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuika relay (kaswichi koyatsidwa ndi magetsi) ndi waya wonenepa wochokera ku batire, wokhala ndi fyuzi yake, kumabweza kuwala konseko popanda kusintha babu. Zoika mababu a 100/90W pa mawaya akale zisiyeni, mudzangosungunula soketi. Ndipo galasi la babu ya halogen musaligwire ndi zala, mafuta a m'manja amaipsereza msanga.

Chomaliza ndi khoma, ndipo apa ndi pamene ambiri sitifika. Imikani galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchokera pakhoma. Yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, lembani mzere pakhomapo. Pa nyali zambiri kapena pafupi nazo pamalembedwa 1.0% kapena 1.2%, kutanthauza kuti mzere wa dimu utsike ndi masentimita 10 kapena 12 pansi pa chizindikiro chanu. Kuseri kwa nyali kuli timabauti tokwezera ndi kutsitsira. Galimoto zambiri zilinso ndi kagudumu ka manambala pafupi ndi chiwongolero, kamene ena amakaona zaka ndi zaka osadziwa kuti n'kotsitsira magetsi ukanyamula katundu. Amene mukufunitsitsa LED, gulani nyali yonse yopangidwira LED, ya galimoto yoyendera kumanzere ngati yathu. Ya galimoto za chiwongolero chakumanzere imaponya kuwala kumanja, m'maso mwa wobwera.

Za ku Mozambique sindinena zambiri. Kumeneko akufunsani jekete yonyezimira ndi matrayango awiri, koma msewu wa Tete usiku ndi wa olimba mtima. Ku Tanzania amakonda kukongoletsa mabasi ndi njinga zamoto ndi timagetsi tamitundumitundu, ndipo dzimbiri limenelo layamba kutilowerera. Komabe tofiira ndi tobiriwira m'mbali mwa basi sitinandichititsepo khungu ngati Sienta ija.

Kwa inu achimwene amene mumaika mababuwa m'magalaja: kasitomala akabwera ndi kabokosi ka LED, musanamulandire ndalama muimikeni pakhoma aone yekha mmene dimu yake yamwazikira. Ndipo ndikanakonda kuti poyeza galimoto za COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi pamalodibuloko, nyali yopanda mzere izibwezedwa monga amabwezera ya matayala akutha, mpaka mwini wake akaikonze.