Chigayo sichimwa magazi, anthu inu

Ndakhala chete milungu itatu, koma dzulo pa maliro ku Bembeke ndamvanso nkhani yomweyi, ndiye lero mundilole ndilankhule. Amayi ena, akuluakulu ndithu, amanong'onezana kuseri kwa nkhokwe kuti: "Mwana uja anachita kumupereka. Mwini chigayo uja ndi wokhwima, chaka chilichonse chimafuna magazi." Sanadziwe kuti amene wakhala pambali pawo ndi malume ake a mwanayo. Ndi mwana wa alongo anga, wa zaka 22, ndipo ku dzanja lake lamanja kwatsala chala chachikulu ndi chamkombaphala basi.

Ine ndinapita kukachiona chigayocho ndi maso angawa. Ufiti sindinaupeze. Ndinapeza waya.

Amene munagwirapo ntchito ndi mota ya magetsi mukudziwa kuti pamakhala kabokosi ka mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, komwe timati sitata. Kabokosi kameneka si kokongoletsa khoma. Magetsi akazima kamadzidula kokha, ndipo akabweranso mota siyaka mpaka munthu adine batani lobiriwira lija. Pachigayo chimenechi sitata inapsa kalekale, bwana n'kuona kuti yatsopano ikudula, n'kuitana mnyamata wodziwa za magetsi pang'ono kuti angolumikiza dayirekiti. Kuyambira tsiku limenelo, woyatsa chigayo anali magetsi eniake, pa nthawi imene afuna.

Tsiku la ngoziyo magetsi anazima chigayo chili pakati pogaya mphale yonyowa. Sefa inatsekeka. Mzere wa amayi unali wafika panja, ena akudandaula kuti achokera kutali. Mwana wa alongo angayo anatsegula chitseko cha chigayo, n'kulowetsa dzanja kuti akokolole zomwe zinamata pasefa. Magetsi n'kubwera. Mahamala a chigayo amazungulira cha m'ma 3,000 pa mphindi imodzi, ndiye kuti maulendo 50 pa sekondi. Palibe munthu wochenjera amene angachotse dzanja mothamanga kuposa pamenepo. Akuti sanamve n'kuwawa komwe poyamba, anangoona ufa wasanduka wofiira.

Anamunyamula pa njinga yamoto, dzanja atalikulunga ndi chitenje cha mayi wina wodzagayitsa, mpaka ku chipatala cha boma pa Dedza, ndipo kumeneko anamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Madokotala anayesetsa, ndikuwathokoza. Koma zala zoti zaphwanyika sizisokedwa.

Tsono chimene chikundiwawa ndi ichi. Tikamati mwini chigayo ndi wokhwima timaona ngati tikumunyoza, pamene tikumupulumutsa. Nkhani ya kukhwima simungapite nayo ku ofesi ya zantchito. Imathera pa mphasa, anthu n'kugwedeza mitu, bwana n'kumayenda mwamatama chifukwa tsopano akuopedwanso. Koma nkhani ya sitata yodumphidwa ili ndi umboni, mukhoza kuijambula pa foni. Dziko lino lili ndi lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito, la mu 1997, lomwe limanena kuti mbali zoopsa za makina zizikhala zotchingidwa bwino. Lilinso ndi lamulo la chipepeso kwa ovulala pantchito, la mu 2000, lomwe limati dokotala ayeze kuti munthu walumala motani, ndipo chipepeso chiwerengedwe potengera zimenezo ndi malipiro ake. Malamulo alipo, koma ife tasankha kukambirana za afiti.

Bwana uja anabwera kunyumba Lamlungu, atanyamula shuga mapaketi awiri, botolo la Sobo ndi K60,000 mu envulopu. Anakhala pampando mwaulemu, chipewa chili pabondo, n'kumati: "Malume, izi n'zakugwa manja, tithane pachibale. Mwanayu anali waganyu chabe, sitinalemberane." Zaka ziwiri akudzuka 5 koloko m'mawa kukatsegula chigayo, lero wasanduka waganyu chabe. Alongo anga anafuna kulandira, ndipo sindikuwaimba mlandu, m'nyumba munalibe ndi sopo yemwe. Ndalamayo ndinati alandire ngati ya mayendedwe a ku chipatala, koma asasayine pepala lililonse.

Musaganize kuti ndi zigayo zokha. Pitani m'malo ocheka matabwa kuno ku Dedza, komwe paini ndiye chuma chathu. Macheka akuzungulira pamtunda opanda chivindikiro, mnyamata akukankha thabwa ndi manja mpaka pafupi ndi mano ake, pamene kamtengo kokankhira akhoza kukasema pa mphindi zisanu. Pitani kumene amayenga mafuta a mpendadzuwa, muone anthu akukankhira mbewu m'kamwa mwa makina ndi zala. Ndipo lamba! Paliponse lamba ali pamtetete. Chotchingira chake anachichotsa tsiku lina pomanga lamba woduka, n'kuchitsamiritsa pakhoma, mpaka lero nkhuku zikuikira mazira kuseri kwake. Ndiye muganize kuzizira kwa kuno mu June ndi July, aliyense ali m'chijekete chachikulu cha pakaunjika, manja ake akulendewera. Lamba akagwira nsonga ya jekete sasiya, amakoka munthu yense. Amayi nawonso amawerama pomwepo kusesa ufa wotayika, chitenje chikupepeluka, mwana ali kumbuyo.

Anyamata ogwira ntchito, nanunso ndikuuzeni, poti ndine malume wa nonse lero. Ena mwa inu mumachotsa dala zotchingira kuti ntchito ithamange. Ena mumayamba mwalawa kachasu kuti muthamangitse mphepo. Ndipo pali kamtima kaja koti wozimitsa makina asanalowetse dzanja ndi wamantha. Mwana wa alongo anga naye akuvomera kuti akanatsitsa kaye swichi yaikulu ya pakhoma. Koma palibe anamuphunzitsapo zimenezo. Tsiku loyamba anangouzidwa pothira chimanga ndi potolera ndalama. Ndipo wogula sitata si wantchito wolandira malipiro osakwana n'thumba la feteleza lomwe.

Ine chibadwire sindinakumanepo ndi woyendera za chitetezo atalowa m'chigayo cha kumudzi. Otolera ndalama za msika ndi za ziphaso ndiye safuna kuwalondolera njira, amafika okha. Bwanji amene amapereka chiphaso cha bizinesi asamayambe wayang'ana ngati lamba ndi wotchinga?

Lachiwiri tinapita ku leba pa boma ndi makalata a ku chipatala. Anatipatsa mafomu, mnyamata n'kugwira cholembera ndi dzanja lamanzere, dzina lake lomwe linamutengera nthawi ngati mwana wa sitandade 1. Pobwerera minibasi inadutsa pachigayo paja. Chikulira bwinobwino. Alemba mnyamata wina, wamng'ono kuposa wathuyu, wavala jekete lofiira lalikulu. Ndinatsika n'kukasuzumira pakhoma: waya uja akadali pomwepo.