Mwana wanga akufuna kuphunzira za kuthambo, ndipo ine ndamuvomera

Magetsi atathima Lachisanu usiku kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndinasiya makina osokera n'kukakhala pakhonde. Mwana wanga wamkazi, yemwe ali Fomu 4, anabwera ndi foni nati, "Ababa, taonani ichi." Ndinaona timadontho toyera tambirimbiri, ngati ufa wotayikira pansalu yakuda. Anandiuza kuti tambiri mwa timadonthoto si nyenyezi ayi, ndi milalang'amba yathunthu (magulu akuluakulu a nyenyezi), yoposa 100,000 pachithunzi chimodzi chokhacho.

Chithunzicho chinajambulidwa ndi telesikopu yotchedwa Euclid, imene bungwe la European Space Agency linatumiza kuthambo pa 1 July 2023. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni kuchokera padziko pano, ndipo ntchito yake ndi ya zaka 6: kujambula gawo limodzi mwa magawo atatu a thambo lonse, kuti akatswiri aone mmene chilengedwe chakhala chikufutukukira.

Za kufutukukazo sindinamve msanga, ndiye mwanayo analowa m'nyumba n'kutenga lasitiki amene ndimaika m'chiuno mwa masiketi a yunifolomu. Analembapo timizere ndi choko changa chodulira nsalu, kenako n'kukoka uku ndi uku. Timizere tonse tinatalikirana, koma totalikirana kale ndi timene tinathawana kwambiri. Akuti ndi zimene katswiri wa zakuthambo Edwin Hubble anaona mu 1929: mlalang'amba ukakhala kutali, umatithawanso mofulumira.

Chimene chinandigwira mtima n'chakutsogoloku. Ukaponya mwala m'mwamba, liwiro lake limanka lichepa. Akatswiri ankayembekezera kuti kufutukukaku nakonso kukuchepa mphamvu chomwecho. Koma mu 1998 magulu awiri, poyeza kuwala kwa nyenyezi zophulika zakutali kwambiri, anapeza kuti liwiro likuwonjezereka. Saul Perlmutter, Brian Schmidt ndi Adam Riess analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2011. Mphamvu imene ikukankhayo anaitcha dark energy, ndipo ndi pafupifupi magawo 68 pa 100 a zonse zimene zilipo. Nyenyezi, dziko, madzi, inu ndi ine, tonse pamodzi tili m'magawo 5 okha.

Mmawa mwake ndinawafotokozera amalume anga. Anapukusa mutu nati, "Mphwanga, nyenyezi sizidyedwa. Mwanayu achite za unamwino." Amalumewa ndimawalemekeza, anandilera ndi iwo, ndipo mantha awo ndikuwamvetsa. Makolo athu anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a anthu, ndipo anatiphunzitsa kugwiritsitsa chimene chimabweretsa ufa pakhomo. Koma pamenepa ndasiyana nawo maganizo. Zimandiwawa kuti mafunso akuluakulu ngati amenewa timawasiyira ana a anthu ena, ngati kuti athu analengedwera kutumikira basi. Mwana amene angamveketse kufutukuka kwa chilengedwe kwa telala pogwiritsa ntchito lasitiki ndi choko ali ndi mutu, ndipo sindingamuthimitsire moto umenewo.

Komanso zimenezi sizili kutali ndi ife ngati kale. Ku Karoo, ku South Africa, dziko loyandikana nafe, kuli MeerKAT, madishi 64 omvetsera mafunde ochokera kuthambo, amene anatsegulidwa mu 2018. Zimbabwe nayo inatumiza setilaiti yake yoyamba, ZimSat-1, mu 2022. Ntchito zoterezi zimafuna anthu odziwa masamu, fizikisi ndi makompyuta, ndipo anthuwo amachokera m'makalasi ngati amene mwana wanga amakhalamo.

Ndamuuza kuti akakhoza mayeso a chaka chino atenge masamu ndi fizikisi ku Fomu 5, fizi ndiisokera ndekha pamakina angawa. Amalume sanavomerebe, tidzakambirananso Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Lasitiki uja wandipempha kuti ndisamugwiritse ntchito, akufuna akaonetse anzake m'kalasi Lolemba.