Lekani kugula ndi kumwaza zinsinsi za m'mafoni

Abale anga a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth kuno ku Zimbabwe, ndikulankhula ngati kholo lanu, ndipo nkhaniyi si yosekerera. Pakati pathu pabuka khalidwe lonyansa. Bambo akayamba kukayikira mkazi wake, m'malo moitana ankhoswe akumasaka mnyamata wodzitama kuti ali ndi mnzake wogwira ntchito kukampani ya mafoni, n'kumupatsa madola kuti abweretse pepala la manambala onse amene mayiwo aimbira mwezi wathunthu. Amayi nanunso mwalowamo. Ena mukugula pepalali pofuna kusaka amene ali nanu ngongole. Kodi mwayamba liti kusuzumira m'zipinda za eni?

Pepala limenelo silinena mawu amene anthu adalankhulana. Limangoonetsa nambala, tsiku, ola, kutalika kwa kucheza, ndipo pena dera la nsanja imene foni idalumikizako. Zotsalazo mumadzazamo nokha ndi nsanje yanu. Mukaona nambala imodzi yabwera kakhumi usiku, mwagamula kale mlandu, chonsecho mwina ndi namwino, mwina ndi mlamu amene akusamala mayi odwala ku Dedza. Mabanja akutha, akazi akumenyedwa chifukwa cha manambala osalankhula. Komanso ambiri mwa anyamatawa ndi akathyali, amangolemba pepalalo pakompyuta, inu n'kulipira bodza. Likakhala lenileni, dziwani kuti wogulitsa zinsinsi za mkazi wanu sadzakana ndalama ya munthu wofuna zanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiponso ndi mlandu. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013, omwe aja adaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, amateteza chinsinsi cha mauthenga a munthu m'ndime 57. M'chaka cha 2021 kudabwera lamulo la Cyber and Data Protection Act, ndipo bungwe la POTRAZ, loyang'anira za mafoni ndi mtengatenga wa makalata, ndilo lidapatsidwa udindo woyang'anira kasungidwe ka mbiri za anthu. Ngakhale apolisi amayenera kutsata lamulo asanaone zolembedwa za foni ya munthu. Nanga inu mphamvu imeneyo mwaitenga kuti?

Mukukumbukira chisankho cha 2018? Anthu ambiri adalandira mauthenga okopa mavoti pamafoni awo, otchula ngakhale dera limene amavotera. Kampani ya mafoni ya Econet idakana kuti sidapereke manambala, bungwe loyendetsa zisankho la ZEC nalonso lidakana. Tonse tidakwiya, tikufunsana m'makombi kuti nambala yanga waitenga kuti ameneyu. Mkwiyo uja udali woyenera. Chondiwawa n'chakuti okwiya omwewo ndi amene lero akumwaza manambala a anzawo ngati mankhusu.

Pitani m'tauni kumene amakonza mafoni mukaone. Munthu wamkulu ndithu akusiya foni, wokonza akufunsa PIN, akuilemba pakapepala n'kumata kumsana kwa foniyo, n'kuiponya m'katoni momwe muli ena makumi awiri. Mwini wake wapita kukagula tomato ku Mbare Musika, maola atatu. M'menemo muli WhatsApp, zithunzi za ana, chithunzi cha chitupa, mauthenga a EcoCash ndi a Mukuru oonetsa amene mumawatumizira ndalama kumudzi ndi kuchuluka kwake. Mwasiya zonsezo m'manja mwa munthu amene ngakhale dzina lake simulidziwa. Chotsani layini ndi memory card, ndipo ngati akufuna kuyesa foniyo, muitsegule nokha muli pompo.

Alembi a magulu athu a maliro ndi a kumpingo, nanu ndikukudzudzulani. Buku la mamembala lili ndi maina, manambala a zitupa, a mafoni ndi a nyumba. Inu mukulijambula tsamba lonse n'kuliponya pagulu la anthu mazana kuti muonetse amene sadapereke ya mwezi. Mbava ikufunanso chiyani? Mawa iimbira gogo wamasiye, kumutchula dzina lake lonse ndi la gulu lake, n'kunena kuti ndalama ya chipepeso yatuluka, angotchula nambala yachinsinsi imene yangolowa pafoni. Gogoyo akhulupirira, poti woimbayo akumudziwa bwino. Wosapereka muuzeni payekha.

Achinyamata, musalembetsere mnzanu layini ndi chitupa chanu, ngakhale mumapemphera naye. Layiniyo ikabera munthu, apolisi adzagogoda pakhomo la mwini chitupa. Ndipo foni yanu ikangoti zii, netiweki osaoneka pamene anzanu akuimba bwinobwino, musadikire mawa. Mwina wina watulutsa layini yatsopano m'dzina lanu kuti akokolole ndalama. Tengani chitupa, thamangirani kuofesi ya kampani yanu tsiku lomwelo, mukatseketse, kenaka mukanene kupolisi.